The Kingdom ndi filimu yabwino, koma wobena mafilimu uja anandilakwira

Loweruka ndinachoka ku Chibavi mvula yamawawa ikugwa, ulendo wa m'tauni kwa mnyamata uja amabena mafilimu chakudepoti. Ndinamuuza kuti andiikire The Kingdom pa flash, ija ya 2007 ya Jamie Foxx. K500 yake ndinapereka, ndipo ndinamufunsa kawiri konse ngati mawu olembedwa m'munsi alimo. Iye amvekere, "Akulu, zonse zilimo, musakayike."

Madzulo takhala pabalaza ndi mayi akunyumba, tiyi ali m'manja, filimu yayamba. Zigawenga zovala yunifolomu ya polisi zaombera anthu m'mudzi wa ogwira ntchito kukampani yamafuta ku Riyadh, likulu la Saudi Arabia, bomba laphulika, mtima uli m'mwamba. Kenako apolisi a ku Saudi Arabia ayamba kulankhulana Chiarabu, m'munsimo mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Pali malo pamene wapolisi wina, Haytham, akumenyedwa ndi akuluakulu ake pomuganizira kuti anali kumbali ya zigawenga, mpaka mkulu wina wa apolisi, Faris, kumuleretsa. Ife tinangoona mbama ndi magazi, chimene akumumenyera osachidziwa.

Lolemba ndinalipiranso kabaza kubwerera komweko. Mnyamatayo anandisiya chiimire, maso ali pa foni, kenako n'kundiuza kuti, "Filimu ya action saonera mawu akulu, amaonera mfuti." Akuti ndikafuna ina ndilipirenso. Ndalamayo si nkhani, chinandiwawa ndi bodza lija komanso kundiyankha motero pamaso pa makasitomala ena, ine munthu woti ndakhala ndikubenetsa pomwepo zaka ziwiri.

Mlamu wanga wa ku Luwinga ndiye anandipatsa yokhala ndi mawu, ndipo nditaonera kachiwiri mkwiyo unayamba kutsika. Anthu anayi a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, apatsidwa masiku asanu okha kuti afufuze. Faris, amene akuseweredwa ndi Ashraf Barhom, wauzidwa kuti aziwalondera basi, asawalole kugwira chilichonse pamalo a bomba. Poyamba iye ndi Jamie Foxx, amene akusewera mtsogoleri wa a FBI aja, akuyang'anana ndi diso lofiira, koma pang'onopang'ono aliyense azindikira kuti mnzakeyo ndi wapolisi weniweni, ndiponso bambo wa ana. Kwa ine mwini filimuyi ndi Faris. Ndinakhudzidwa pomuona akupemphera ndi banja lake kunyumba, chifukwa mafilimu ambiri a mtundu uwu Msilamu amangomuonetsa atanyamula bomba. Nkhaniyi ndi yopeka, koma anaitengera ku mabomba enieni a ku Khobar, mzinda wina wa ku Saudi Arabia, mu 1996 ndi a ku Riyadh mu 2003, n'chifukwa chake imaluma.

Zolakwika zilipo. Kamera imagwedera kwambiri moti mayi akunyumba anadandaula chizungulire, ndipo Aamerika awapanga ngati odziwa zonse pomwe dzikolo ndi la eni. Kuomberana kwa kumapeto n'koopsa, ana agone kaye musanaike. Koma kanthu kena ka kumapetoko ka mabo ndi zala zoduka za nkhalamba ina kanandiimitsa pampando.

Filimuyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi, wobenayo imodzi. Mukakabenetsa, muuzeni ayitsegule pakompyuta pake pomwepo, aithamangitse mpaka pamene akulankhula Chiarabu, muone nokha ngati mawu akutuluka musanatulutse ndalama.