Sinki ndi kauntala ya mkuwa, patatha miyezi 14

Atate anagwira ntchito mumgodi wa mkuwa ku Mufulira asanabwerere kumudzi ku Katete, koma m'nyumba mwathu simunapezeke kanthu ka mkuwa kupatula mawaya a magetsi. Mkuwa wa dziko lino la Zambia wochuluka umapita kunja, kukasulidwa kwa eni. Ndiye pomanga nyumba yanga kuno ku Chipata ndinaumirira kuti sinki ndi kauntala ya m'khichini zikhale za mkuwa. Lata lake linachokera ku Johannesburg, mmisiri wa ku Lusaka n'kulipinda, ndipo zinabwera pa Great East Road zitakulungidwa m'mabulangete. Sinki yokha inandidyera ndalama zogulira masinki atatu a sitilo.

Tsiku loika zinali waliwali ngati khobidi latsopano. Mwezi usanathe zinayamba kuda mawangamawanga, ndipo akazi anga anandifunsa mtima uli m'mwamba: "Atate ake Chisomo, kodi chinthuchi chayamba kale kuonongeka?" Sichinaonongeke. Mkuwa ukakumana ndi mpweya ndi chinyontho umadziveka chikopa choderako chimene chimauteteza, mosiyana ndi dzimbiri la chitsulo lomwe limadya mpaka kuboola. Pofika mwezi wachisanu mawanga aja analumikizana, sinki yonse n'kukhala yofiirira ngati mbiya yootcha bwino. Ine mtundu umenewu ndimaukonda kuposa kunyezimira kuja.

Chimene chimachotsa chikopacho ndi zowawasa, ndipo khichini la kuno ladzaza nazo: mandimu, matimati, bwemba, malambe, ngakhale thobwa logona. Mwana anaiwala kapu ya madzi a bwemba itatayikira pakauntala usiku wonse, m'mawa tinapeza chizere chowala ngati chopaka dala. Poyamba ndinkavutika nazo, kupukuta uku ndi uku. Kenako ndinaona kuti ukangosiya, pakatha milungu iwiri kapena itatu pamadanso pokha. Chomwe sichinachire msanga ndi pamene mphwanga anakwecha ndi sitiluwulu atathirapo jiki. Mikwingwirima yake ikuonekabe. Tsopano timatsuka ndi sopo wa mbale ndi kansalu basi.

Madzi athu ndi a pachitsime chokumba ndi makina, ndipo amasiya zoyerayera akauma. M'dzinja lapitali kunsi kwa mpope kunachita ndere yobiriwira, makamaka titaviika kapenta wamchere n'kusiya madzi ake akudikha. Zobiriwirazo siziyenera kulowa m'chakudya, choncho sitidulira ndiwo pamkuwa penipeni, timaika thabwa. Kuumitsa sinki ndi nsalu tisanakagone kunathetsa vutoli.

Ndinakana kuti mmisiri apakepo vanishi. Mu 2008 bungwe la boma la America loona za chilengedwe linavomereza kuti mkuwa umapha mabakiteriya oposa 99.9 peresenti m'maola awiri, koma zimenezi zimatheka pokhapokha mkuwawo uli wosapaka kanthu. Sindikunena kuti mukatumbula nkhuku musatsuke, ayi. Koma fungo lija limakhalira kubowo kwa sinki kwathu kulibe.

Pomwe ndikumva chisoni ndi pakauntala. Sinki ndi yokhuthala, pafupifupi mamilimita 1.5, ndipo ilibe chilema ngakhale timaponyamo mapoto tsiku ndi tsiku. Pakauntala ndinafuna kupulumutsa ndalama n'kusankha lata lopyapyala lomata pathabwa. Mkuwa ndi wofewa. Kamtondo kosinjira nshawa kanasiya dzenje sabata yoyamba, mpeni ukatsetsereka umalemba. Poto wa nsima wongochoka pamoto mkuwa sauopa, koma guluu wa pansi anamasuka, ndipo pafupi ndi sitovu ukagogoda pamalira ngati ng'oma.

Sinkiyo nditati ndigulenso, ndingagule mawa lomwe. Koma mbali ya kusitovu ndichotsa lata lija mvula ikatha, ndiikepo mwala wa giranaiti. Chidutswa chochotsacho ndichikhoma pakhoma kuseri kwa mpope, pomwe palibe choti chichimenye.