Albumentations, torchvision, Keras kapena Kornia: kodi tichulukitse ndi iti zithunzi za masamba a chinangwa?

Amene mwayesapo kuphunzitsa model (pulogalamu ya kompyuta yophunzira kuchokera ku zitsanzo) kuti izizindikira matenda a mbewu mukudziwa kale kuti zithunzi sizikwana. Ngakhale zija za chinangwa zimene akatswiri a ku Makerere ku Uganda anapereka pa mpikisano wa pa intaneti wa Kaggle mu 2020, zinalipo zoposa 21,000 inde, koma zoposa theka zinali za khate la chinangwa lokha, magulu ena anayiwo n'kugawana zotsalazo. Njira yotsika mtengo ndi kuchulukitsa zomwe muli nazo kale: chithunzi chimodzi mukuchitembenuza, kuchidula, kuchipendamitsa, kuchiwalitsa kapena kuchidetsa, kuti model isaloweze chithunzicho koma izolowere matendawo. Si nzeru yatsopano ayi. AlexNet, model yotchuka yozindikira zithunzi, mu 2012 inkadula zidutswa za ma pixel 224 ndi 224 pa zithunzi za ma pixel 256 ndi 256, n'kumazitembenuza kumanja ndi kumanzere. Chomwe timakanganirana lero ndi chida chochitira ntchitoyi.

Ngati mumagwira ntchito ndi PyTorch, chida chopangira ma model, kawirikawiri torchvision muli nayo kale, simuvutika ndi kuikanso china. Kale inali ndi vuto loti inkasuntha chithunzi chokha, mabokosi osonyeza pomwe pali matenda n'kutsala pamalo akale. Kuchokera mu 2023 kunabwera transforms v2 imene imasunthira pamodzi chithunzi, mabokosi ndi mask (chojambula cholemba malire enieni a malo odwala). Mulinso RandAugment, TrivialAugmentWide, MixUp ndi CutMix. Kwa munthu amene akungofuna kugawa zithunzi m'magulu, ichi n'chokwanira ndithu.

Albumentations ndiyo ndimaikonda pa zithunzi za m'munda, ndipo chifukwa chachikulu si liwiro, ngakhale kuti imathamangadi pa CPU (ubongo wamba wa kompyuta) poti yakhazikika pa OpenCV ndi NumPy. Chomwe chimandikoka n'chakuti imatha kuwononga chithunzi mofanana ndi mmene dziko limawonongera. MotionBlur imatsanzira dzanja lonjenjemera la munthu wojambula ataimirira pamzere. RandomShadow imagwetsa mthunzi pa tsamba. ImageCompression imafinya chithunzi monga chimafinyikira chikadutsa pa WhatsApp, ndipo tonse tikudziwa kuti chithunzi chochokera kwa mlimi chidzafika kwa inu kudzera kumeneko, pafoni yotchipa, dzuwa likuswa mtengo. Pa mabokosi ilinso bwino: mukaika min_visibility mu BboxParams, bokosi limene ladulidwa kwambiri limatayidwa m'malo moti model iphunzire kuti kakona ka dothi ndi mbozi.

Koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba: cv2.imread ya OpenCV imawerenga mitundu motsatana kuti BGR (blue, green, red), pamene Albumentations imayembekezera RGB. Mukaiwala cv2.cvtColor palibe uthenga wochenjeza umene utuluke, kungoti zofiira ndi zobiriwira ngati thambo zasinthana, ndipo chikasu cha khate chasanduka mtundu wina. Wachiwiri ndi laisensi. Albumentations yakale inali pa laisensi yomasuka ya MIT, koma mu 2025 eni ake anasamukira ku AlbumentationsX imene ili pa AGPL-3.0 kapena laisensi yolipira. Wophunzira payunivesite alibe nazo nkhawa zimenezi. Amene akupanga app yogulitsa awerenge kaye asanapite patali.

Keras inasankha njira yakeyake. RandomFlip, RandomRotation, RandomZoom ndi RandomContrast zimalowa mkati mwa model mwenimweni, zimagwira ntchito pophunzitsa pokha, n'kudzizimitsa zokha model ikayamba kugwiritsidwa ntchito. Kwa woyamba kumene n'zosavuta. Chenjerani ndi nambala imene mumapatsa RandomRotation, chifukwa si madigiri koma gawo la kuzungulira konse. Mukalemba 0.2 ndiye kuti mwalola chithunzi kupendama mpaka madigiri 72 mbali iliyonse. Ndipo mukapeza phunziro pa intaneti lokamba za ImageDataGenerator, dziwani kuti ndi lakale, eni ake anaisiya.

Kornia ndi ya amene CPU yawachepera. Pa Colab yaulere (makompyuta a Google a pa intaneti) mumapatsidwa CPU ya ma core awiri okha, moti GPU, chipangizo chaliwiro chophunzitsira model, imakhala ikudikira zithunzi zimene CPU ikukonza. Kornia imasinthira mulu wonse wa zithunzi pa GPU pomwepo. Mtengo wake ndi memory ya GPU, komanso zithunzi ziyenera kuyamba zafanana kukula. Nanga imgaug, chida china chochulukitsira zithunzi? Isiyeni. Inatuluka komaliza mu 2020 ndipo imakangana ndi NumPy yatsopano.

Pano mpomwe ambiri timasochera. Zida zonsezi zimamvera chilichonse chimene mwalamula, ngakhale chopusa. Tsamba la chinangwa mukalitembenuza chadodolido likadali tsamba lomwelo, matenda omwewo. Nambala 6 mukaitembenuza motero yasanduka 9, ndipo pa X-ray ya pachifuwa kutembenuza kumanja ndi kumanzere kumasamutsa mtima. Pa masamba, choopsa ndi mtundu. Khate limadziwika ndi mawanga achikasu ndi kupiringizika kwa tsamba, ndiye mukakweza hue (mtundu weniweni wa chinthu) mu ColorJitter kapena HueSaturationValue mopitirira, tsamba labwinobwino limachita chikasu pamene dzina lake likunenabe kuti n'lathanzi. Mukuphunzitsa model bodza. Kuwala ndi contrast sinthani momasuka, koma hue muikhudze pang'ono chabe.

CutMix, imene akatswiri a ku Naver anatulutsa mu 2019, imadula chidutswa cha chithunzi china n'kuchimata pa chinzake ngati chigamba, mayina n'kusakanizidwa molingana ndi kukula kwa chigambacho. Pa ImageNet, nkhokwe yaikulu ya zithunzi zoyesera ma model, inathandiza. Pa tsamba limene matenda ali pakachigawo kakang'ono ndimaikayikira, chifukwa chigamba chingachokere pomwe palibe matenda n'komwe, dzina n'kumati alipo. Yesani ndi CutMix komanso popanda, muone manambala anu.

Palinso cholakwa chimene sichisankha chida. Ena amachulukitsa zithunzi n'kuzisunga pa disk, kenako n'kugawa zophunzitsira ndi zoyesera. Zikatero tsamba limodzi lomwelo limapezeka mbali zonse ziwiri, kwina litapendama, kwina litaongoka, ndipo accuracy (kuchuluka kwa mayankho olondola) imakwera monyenga. Gawani kaye, makamaka potsata munda kapena tsiku lojambula, ndipo zoyesera musazisinthe. Kumbukirani za PlantVillage, nkhokwe ya zithunzi za masamba a mbewu: mu 2016 model inapeza 99.35 peresenti pa zithunzi zoposa 54,000 za tsamba limodzilimodzi lojambulidwa pamalo opanda china chilichonse, koma itayesedwa pa zithunzi zochokera kwina inagwera pa 31 peresenti. Palibe kutembenuza kumene kukanaika udzu, dothi ndi masamba opiringizana m'zithunzi zimene munalibe zimenezi.

Ine ndikamagawa zithunzi m'magulu pa PyTorch ndimayamba ndi torchvision v2, mabokosi kapena zithunzi za pafoni zikalowapo ndimapita ku Albumentations, ndipo Kornia ndimaiitana GPU ikayamba kugona. Musanayambe kuphunzitsa, tulutsani zithunzi 16 zosinthidwa kuchokera pa tsamba limodzi, muzionetse kwa mlangizi wa zaulimi. Akalephera kutchula matendawo pa zina mwa izo, chepetsani manambala anu.