GOG.com: sitolo ya magemu yomwe imakusiyirani fayilo m'manja

Pa 31 Malichi 2024 kampani ya Ubisoft inazimitsa maseva a The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto yomwe inatuluka mu 2014. Gemuyi sinkayenda popanda intaneti ngakhale munthu akusewera yekhayekha, choncho inafera pomwepo kwa aliyense, wogula pa intaneti ndi wogula chimbale m'shopu chimodzimodzi. Phokoso lake silinathe mpaka pano. Ross Scott, wopanga mavidiyo a pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo pempho lopita ku European Union linapitirira masiginecha 1 miliyoni mu Julayi 2025. Ku California anakhazikitsa lamulo la AB 2426, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025, loletsa masitolo a pa intaneti kunena kuti munthu akugula chinthu pomwe akungomupatsa laisensi, pokhapokha atamuuza momveka. Kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya magemu ya pa intaneti ya Steam, sinadikire tsikulo. Mu Okutobala 2024 inaika kale chiganizo pamalo olipirira a Steam chonena kuti ndalama zanu zikukupatsani laisensi basi.

Pamkangano umenewu dzina la GOG limatchulidwa kawirikawiri, ndipo ambiri amalitchula ngati malo amene gemu imakhala yanuyanu. Zimenezo n'zoona mbali imodzi yokha.

Sitoloyi inatsegulidwa mu 2008 ndi kampani ya ku Poland ya CD Projekt, eni ake a The Witcher ndi Cyberpunk 2077, ndipo poyamba inkatchedwa Good Old Games chifukwa inkagulitsa magemu akale okhaokha. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti magemu ake alibe DRM, pulogalamu ija yomwe imayamba yafunsa kwa mwini gemu ngati muli ndi chilolezo isanakulole kusewera. Koma mukawerenga mgwirizano womwe mumavomereza potsegula akaunti, mupeza kuti nayonso GOG imakupatsani laisensi: ndi ya inu nokha, simungaigulitse kwa wina, simungaigwiritse ntchito pochitira bizinesi. Papepala sikusiyana kwenikweni ndi ya Steam. Kusiyana kuli poti fayilo yoikira gemu, yomwe amaitcha offline installer, imakhala ndi ndani. Ku GOG mumaitenga yonse n'kuisunga kwanu, ndipo ikafika pa hadi disiki yanu palibe batani ku likulu lawo ku Warsaw lomwe angadine kuti isiye kugwira ntchito. Lamulo la ku California lija nalo linazindikira kusiyanaku, chifukwa silikhudza zinthu zomwe wogula angathe kuzisunga mpaka kalekale popanda intaneti.

Vuto n'lakuti tsamba la GOG lenilenilo silikulondolerani ku fayiloyo. Mukagula gemu, batani lalikulu lomwe limaonekera ndi lakuti muike GOG Galaxy, pulogalamu yawo yofanana ndi ya Steam. Galaxy si yoipa, ndipo siyokakamiza, koma gemu yoikidwa kudzera mmenemo si yofanana ndi kukhala ndi fayilo yoikira. Kuti mupeze fayiloyo, lowani mu akaunti yanu pa burawuza, pitani pamndandanda wa magemu anu, dinani gemuyo, kenako fufuzani mawu ang'onoang'ono akuti Download offline backup game installers. Pamenepo sankhani Windows, Mac kapena Linux ngati gemuyo ili nazo, ndi chiyankhulo.

Gemu yaing'ono imabwera ngati fayilo imodzi ya .exe. Yaikulu imabwera ndi .exe imodzi yochepa ndi zidutswa zingapo za .bin, chilichonse chosapitirira 4 GB. Podulidwa chonchi zimakwana pa fulashi ya FAT32, yomwe simalandira fayilo yoposa pamenepo. Zidutswa zonsezi ziyenera kukhala mu foda imodzi, ndi mayina ake osasinthidwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa. Chidutswa chimodzi chikaduka panjira n'kuchibwereza, burawuza imawonjezera nambala kumapeto kwa dzina, ndipo pulogalamu yoikira imayamba kufunsa chidutswa chomwe mukuchiona ndi maso kuti chilipo. Chotsani nambala yowonjezerayo, zitheka. Msampha wina ndi wa anthu omwe amatenga zidutswa pang'onopang'ono, lero ziwiri, sabata yamawa zitatu, malinga ndi bandulo. Eni gemu akatulutsa zokonza pakati pamenepo, GOG imasintha mafayilo onse, ndiye zidutswa zanu zakale sizigwirizananso ndi zatsopano. Nambala ya mtundu wa gemu imakhala m'dzina la fayilo iliyonse. Isanayambe dawunilodi ina iliyonse, onani ngati nambalayo ikufanana ndi ya zomwe muli nazo kale.

Pa intaneti yodukaduka, burawuza si yodalirika pa fayilo ya 4 GB, chifukwa linki yake imatha mphamvu pakapita nthawi ndipo kupitiriza pomwe inalekezera kumakanika. Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino yotengera mafayilo osafuna Galaxy ndi Galaxy yomweyo: tsegulani gemuyo mmenemo, pitani pa Extras, mupeza mafayilo omwewo, ndipo magetsi akathima imapitiriza pomwe inasiyira. Mukamaliza, poyamba kuika gemu chongani kabokosi kouza pulogalamu kuti iunike ngati mafayilo ali bwino. Zimatenga mphindi zingapo, koma kuli bwino kudziwa lero kuti chidutswa chachitatu n'chowonongeka kusiyana n'kudzadziwa patapita zaka ziwiri.

Werengeraninso malo kawiri. Gemu ya 50 GB imafuna malo a mafayilo oikira ndi malo ena a gemu yoikidwayo, choncho pa laputopu ya 256 GB mafayilo oikira ayenera kupita pa hadi disiki yakunja, makamaka ya exFAT kapena NTFS. Zowonjezera za gemu, ma DLC, zili ndi mafayilo akeake, zimaikidwa pambuyo pa gemu yaikulu, ndipo nazo ziyenera kukhala za mtundu womwewo. Komanso pomwe mwafika posewera sipasungidwa m'mafayilo amenewa. Popanda Galaxy palibe chokusungirani pa intaneti, ndiye foda ya masevu, yomwe nthawi zambiri imakhala mu Documents kapena mu AppData, muziikopera nokha.

Pa magemu akale ndi pomwe sitoloyi imaonetsa kuti ikudziwa ntchito yake. Gemu ya m'ma 1990 ya DOS imabwera itakonzedwa kale mkati mwa DOSBox kapena ScummVM, mapulogalamu oyendetsa magemu akale pa makompyuta atsopano, mumangodina n'kusewera. Ikamathamanga kwambiri, Ctrl ndi F11 zimaichepetsa liwiro mu DOSBox, Ctrl ndi F12 zimawonjezera, Alt ndi Enter zimasintha kukula kwa sikirini. Ovuta ndi a Windows a pakati pa 1998 ndi 2005. Ena amafuna DirectPlay, yomwe pa Windows 10 ndi 11 imakhala yozimitsa ndipo mumaiyatsa ku Windows Features pansi pa Legacy Components. Ena amafuna .NET Framework 3.5, yomwe Windows imakonda kukaitenga pa intaneti, kutanthauza kuti gemu yosafuna intaneti ikhoza kukanika pa kompyuta yatsopano chifukwa cha Windows, osati chifukwa cha GOG. Yatsani ziwirizi mukadali ndi netiweki. Ndipo musasinthe malo oikira kuchoka ku C:\GOG Games kupita ku Program Files, chifukwa magemu ambiri akale amalemba masevu mu foda yawo yomwe, ndipo Windows imawakaniza kulemba mmenemo.

Mu Novembala 2024 anayambitsa GOG Preservation Program, lonjezo loti magemu osankhidwa, omwe poyamba anali oposa 100, aziwakonza okha kuti aziyendabe pa makompyuta atsopano. Lonjezolo linayesedwa msanga. Mwezi wotsatira Blizzard inachotsa Warcraft yoyamba ndi yachiwiri m'sitoloyi. Omwe anali atagula kale anatsala nazo, ndipo GOG inati ipitiriza kuzisamalira, koma wina aliyense sangazigulenso kumeneko. Apa pakuoneka malire enieni a sitoloyi: umwini wa gemu uli ndi amene anaipanga, ndipo akafuna kuichotsa pamsika GOG ilibe chonena.

Kwa amene ali ndi laputopu yakale pali phindu lina losatchulidwa kawirikawiri. Steam inasiya kuthandiza Windows 7 ndi 8 pa 1 Januwale 2024. Gemu ya 2009 yomwe inkayenda bwinobwino pa kompyuta yotero tsopano ikudalira pulogalamu yomwe eni ake anasiya kuisamalira pa Windows imeneyo. Fayilo ya GOG ilibe mkhalapakati wotere. Kunena chilungamo, Steam si ndende monga ena amanenera: ili ndi njira yosewerera popanda intaneti yomwe imagwira bwino, ndipo magemu ake ena alibe DRM konse. Koma kuika gemu koyamba kumafuna akaunti ndi pulogalamu yawo, ndipo ngati gemuyo ili ndi DRM ya Denuvo imafuna kutsimikizidwa pa intaneti, nthawi zina kangapo, ndi malire a makompyuta 5 pa maola 24.

Zofooka za GOG si zazing'ono. Choyamba, katundu ndi wochepa. The Witcher 3, Baldur's Gate 3, Skyrim, God of War ya 2018, Heroes of Might and Magic III ndi Resident Evil zitatu zoyambirira zilipo, koma EA Sports FC, eFootball, Call of Duty ndi GTA V kulibe, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti zibwera posachedwa. Ngati chomwe mumasewera ndi mpira basi, sitoloyi ilibe nanu ntchito. Chachiwiri, opanga magemu ena amatumiza zokonza ku Steam n'kuiwala GOG kwa miyezi, ena mpaka kalekale, choncho pa gemu yatsopano werengani ndemanga za ogula musanalipire, dandaulo limeneli limaonekera msanga. Kusewera ndi anzanu pa intaneti m'magemu ambiri kumafuna Galaxy, ndipo Galaxy ya Linux anthu akhala akuipempha kwa zaka, n'chifukwa chake a Linux anazolowera mapulogalamu ena oikira magemu monga Heroic kapena Lutris. Mawu akuti palibe DRM nawonso anagwedezekapo. Mu 2021 anaika Hitman m'sitolo, gemu yomwe mbali zake zambiri zinkatseguka pokhapokha muli pa intaneti. Ogula anakwiya, ndipo patangopita masabata ochepa anaichotsa n'kupepesa. Ngakhale Cyberpunk 2077, ya kampani yomwe inayambitsa sitoloyi, ili ndi tizinthu tina ta mphatso tofuna kuti mulowe mu akaunti.

Pa nkhani yobweza ndalama GOG ndi yowolowa manja kuposa anzake: masiku 30, ngakhale mwaika gemu n'kuisewera, pomwe Steam imapereka masiku 14 ndipo musapitirire maola 2 mukusewera. Amadzisungira ufulu wokana munthu yemwe akuoneka kuti wasandutsa zimenezi njira yosewerera ulere, zomwe n'zomveka poti fayilo sangakulandeni. Chomwe alibe ndi njira yobwerekana m'banja ngati Steam Families, yomwe imalola anthu 6 a pakhomo limodzi. Kuika gemu pa makompyuta anu onse n'kololedwa. Kupatsa mnzanu pa fulashi n'kosavuta, palibe chingakuletseni pa makina, koma laisensi simalola, ndipo kumeneko ndi kukopera kosaloledwa monga kwina kulikonse. Chimodzimodzi kuika gemuyo pamalo olipiritsa anthu kuti asewere. Za kugulitsanso gemu yomwe mwatopa nayo iwalani: bungwe la ogula la ku France la UFC-Que Choisir linapambana mlandu wotere polimbana ndi Valve mu 2019, koma chigamulocho chinatembenuzidwa pa apilo mu 2022.

Wogula ali ku Malawi amaona mitengo m'madola, ndipo amafunika kadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kulipira kunja. Ndi vuto la ndalama zakunja, kadi ikakanidwa yambani mwafunsa kubanki za malire anu musanaloze chala sitolo. Pa maselo akuluakulu a pakati pa chaka ndi a mu Disembala magemu akale ambiri amatsika kufika dola imodzi kapena ziwiri, ndipo ambiri a iwo safika 1 GB, kotero bandulo siivutika. Musanaike ndalama iliyonse, tsegulani akaunti, tengani Beneath a Steel Sky yomwe ndi yaulere, koperani fayilo yake pa fulashi, zimitsani Wi-Fi, muiike pa kompyuta ina. Ngati zimenezo zakusangalatsani ndipo muli ndi hadi disiki yosungira, GOG ndi yoyenera pa gemu iliyonse ya munthu mmodzi yomwe ikupezeka kumeneko pa mtengo wofanana ndi wa Steam. Ngati mukudziwa kuti mudzangodina batani la Galaxy osasunga fayilo ngakhale imodzi, phindu lalikululo mwalisiya m'sitolo, ndipo Steam ili ndi magemu ochuluka komanso imalandira zokonza msanga.