Greenhouse yanga patatha miyezi 14 ya mphepo

Nditangoyimika greenhouse iyi, kanyumba kolowa kuwala kolereramo mbewu, yamamita 1.8 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, ndinalemba kuti ndakhutira nayo. Ndinafulumira pakamwa.

Zitsulo zake ndi za aluminiyamu, ndipo mpaka lero palibe chapindika. Chinandivutitsa ndi mapepala a pulasitiki ya polycarbonate otchinga m'mbali ndi padenga, ochindikala mamilimita 4. Ndi opepuka, amawerama ngati katoni, ndipo amangogwiridwa ndi timawaya topanira. Itatha miyezi itatu, usiku wina ndinangomva kuti phwa! Kutacha ndinapeza pepala limodzi litakodwa pampanda, awiri ali gone pamwamba pa mbande. Loyamba kuchoka silinali la mbali yomwe mphepo imachokera ayi, linali lakuseri. Mphepo ikamadutsa padenga imakokera mapepala kunja, ndipo limodzi likangochoka, imalowa m'kati n'kukankha otsalawo. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yokankhayo imawirikiza kanayi, n'chifukwa chake timawaya tinapirira masiku onse aja n'kugonja usiku umodzi wokha.

Ndinawonjezera timawayato, m'mphepete ndinamata silikoni, pena ndinaboola n'kumanga ndi masikuluwu okhala ndi mawashala a labala. Bowo lizikhala lokulirapo pang'ono, chifukwa polycarbonate imafutukuka kukatentha. M'ngodya zonse zinayi ndinathira simenti n'kumangira ndi mabawuti, poti tizikhomo tomwe tinabwera m'bokosi n'tongosangalatsa maso. Chichitireni izi, sipanachokenso pepala.

Komwe kumachokera mphepo ndinatchinga ndi neti yamabowo, osati khoma. Khoma limangoidumphitsa mphepo, ikatsikira kuseri ikuzungulira ngati kamvuluvulu, pomwe neti imaifooketsa ikamadutsa.

Chitseko chotsetsereka ndiye chimandisowetsabe mtendere. Chimagwedera, ndipo kawiri konse chachoka m'njanji yake. Zenera la padenga ndinalimangira katcheni kuti mphepo isalipidigule.

Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanasankha mapepala a mamilimita 6 kapena kuposa, opanidwa ndi kachitsulo kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo ndikanayamba ndawerenga zitsulo zopingasa za m'makona. Ndikanalozetsanso mbali yaifupi kumene mphepo imachokera. Ine ndinalozetsako yaitali pofuna kuti chitseko chiyang'ane kunyumba, ndipo pano simenti inauma kale.