Injini ya ku Joni ija, patapita miyezi isanu ndi itatu

Dzulo alamu anga a ku Namwera anandiimbira kufunsa za injini ndinaitanitsa ku Joni ija, poti nawonso giyabokosi ya lole yawo yawakana. Ndinangoti "ikuyenda, alamu", koma nditadula foni mtima unanditsutsa kuti ndawauza theka.

Galimoto yanga ndi minibasi ya Hiace ya dizilo, injini ya 5L, yoyenda pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay. Injini yake yoyamba inanoka pa Makawa. Ku Limbe ina inalipo, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo ndi yongomva n'kubwerera. Mphwanga wa ku Johannesburg ndiye anandipezera ya kaunjika yochokera ku Japan.

Kugula sikunavute, mutu unali pa kanyamulidwe. Chitsulo choposa makilogalamu 200 sungachiganizire za ndege, kumene amawerengera pa kilo. A basi anakana. Kampani ina ya mathiraki inati ichite kukhomeredwa m'bokosi lamatabwa, komanso iwo amathera ku Blantyre, kuchokera uko ndidzionere ndekha. Ndiye ndinapita kwa matransipota, anyamata akwathu konkuno amene amatuta mafiriji, mabedi ndi njinga za anthu a ku Joni mpaka pakhomo. Tinagwirizana malandi 3,500, msonkho padera. Ananditchulira malandi 800 a bokosi, ine n'kuti zachiyani, injini si mazira.

Anati sabata imodzi, inatenga masabata atatu. Njira yake ndi ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kudzalowera pa Mwanza, ndipo chipata chilichonse chili ndi mzere wake. Ine ndinkadzinamiza kuti poti katundu akuchokera ku South Africa, pangano la SADC lindipeputsira msonkho. Ayi ndithu, limakhudza zopangidwa m'mayiko a SADC momwemo, osati injini ya ku Japan yongodutsirako. Ndinalipira, ndipo ndinaumirira pepala la MRA lokhala ndi nambala ya injini. Apo pokha ndinachenjera, chifukwa linandithandiza pokasinthitsa nambalayo ku Road Traffic.

Zabwino zake n'zosachita kufunsa. Imalira kamodzi m'mawa, utsi palibe, dizilo imamwa mwaulemu, ndipo Okutobala yense ndi kutentha kwa kuno singano sinakwerepo.

Koma tsiku imafika, ndinaipeza itagonekedwa chammbali pa tayala lakutha, pamwamba pake firiji ndi zikwama. Oyilo sanakhuthule, moti anali atanyowetsa matiresi a munthu wina. Pansi pa sampu, beseni losungira oyilo kunsi kwa injini, panali potifuka, kukula ngati chibakera. Makaniko wanga anagogodapo ndi sipanala n'kuti, "Bwana, apa palibe nkhani."

Nkhani inayamba sabata yachitatu. Kadontho kakuda pa mchenga pomwe yagona. Kenaka kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira, makamaka injini ikatentha titaima pa depoti kudikira anthu. Ukaponda moto kazima, ukasiya kayambiranso. Munthu amene injini inamunokerapo kale, kanyali kameneko kamamudula chilakolako cha nsima. Tinasintha switchi, sizinathe. Fyuluta ndi oyilo, chimodzimodzi. Tinawotcherera pomwe pamadontha, sampu ili pomwepo, kudontha kunaleka koma kanyali ayi. Makaniko anati ndi pampu ya oyilo, ndinagula, minibasi n'kugona masiku anayi osagwira ntchito. Kondakitala wanga anafika pomakhala maso ali pa dashibodi m'malo moitanira anthu.

Wogulitsa ndinamutumizira uthenga pa WhatsApp. Anandibwezera zithunzi zoonetsa kuti injini inatuluka pa yadi pake ili bwinobwino, ndipo m'zithunzimo sampu inalidi yosalala. Anati chitsimikizo chake ndi cha miyezi itatu, bola ndiibweze komweko. Ndani angaikwezenso ulendo wa Tete? Transipota naye anangoti, "Achimwene, ife timangonyamula, bokosi munakana nokha." Zinandiwawa chifukwa sananame. Mwezi umenewo ndikadalemba, ndikadati aliyense asayerekeze za ku Joni.

Anandipulumutsa ndi madala ena a ku Mpondasi amene amakonza injini za maboti. Anamvetsera ikulira, anagwada, n'kuti timasule sampu yonse. Mkati mwake, pamwamba pa chotupa chija, panali kachizindikiro kozungulira kowala, pomwe sefa yokokera oyilo imakhudza chitsulo. Oyilo amachita kulowa mopanikizika. Madalawo anapukuta manja n'kufunsa, "Mwanangu, yakale ija munaitaya?" Inali kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira pambali pake. Sampu yake inalowa ndendende. Gasiketi yatsopano, oyilo, ndi ya sopo ya madala, basi. Miyezi inayi tsopano kanyali sikanaphethirepo.

Ndakhala pansi ndi kope langa. Ndikaphatikiza injini, transipota ndi msonkho, ndinapulumutsadi ndalama poyerekeza ndi ya ku Limbe. Ndikaonjezera pampu yosafunika ija, oyilo wotayika ndi masiku ogona, chotsala n'chongogulira matayala awiri. Wogulitsa ndingamugulenso, ngakhale chitsimikizo chake kuno n'chopanda ntchito. Transipota uja ayi, osati chifukwa cha sampu yokha, koma firiji pamwamba pa injini.

Alamu ndawaimbiranso m'mawa uno. Ndawauza kuti aitanitse, koma oyilo akhuthulidwe, bokosi alipire, mphwanga ajambule vidiyo pokweza, ndipo theka la ndalama ya transipota lituluke giyabokosi itatsika pa Namwera iwo ataizungulira ndi tochi. Afunsa ngati bokosilo silingatsikeko mtengo.