Maphunziro osema mbale za tizidutswa pa Kasungu boma: zimene akuchita bwino ndi zimene zikuperewera

Pa Kasungu boma, pafupi ndi pamene amagulitsa matabwa, pali shopu ya ukalipentala imene yayamba kuphunzitsa kupanga mbale zolowa ndi mitsuko ya maluwa kuchokera ku tizidutswa ta matabwa tomatidwa ndi guluu. Ntchitoyi ndi yosiyana ndi kusema mtengo umodzi pa lathe (makina ozunguza mtengo posema) monga amachitira opanga miyendo ya matebulo ndi mabedi. Kuno munthu amadula tizidutswa ta mitengo yosiyana mtundu, n'kutimata kukhala mikombero, n'kusanjika mikomberoyo, kusema kumabwera pomalizira. Kukongola kwa mbale kumachokera ku mtundu wa mtengo weniweniwo, osati penti. Maphunzirowa ndi oyenera kulowa, koma pali zina zoti mudziwe musanapereke ndalama zanu.

Chimene chatisangalatsa kwambiri n'chakuti mphunzitsi salola wophunzira kuthamangira ku lathe. Masiku oyambirira onse amathera pa sowo, ndipo m'pomwe pali ntchito yeniyeni. Lamulo limene amaphunzitsa ndi lolondola: gawani 180 ndi chiwerengero cha tizidutswa ta mkombero umodzi, mupeza madigiri odulira mbali iliyonse. Tizidutswa 8 tifuna madigiri 22.5, tizidutswa 12 tifuna 15, tizidutswa 16 tifuna 11.25. Oyamba kumene amawayambitsa ndi 12, ndipo tikugwirizana nazo, chifukwa 8 amasiya makona aakulu amene amamenya tchizulo mwamphamvu, pomwe 16 amachulukitsa malo olakwitsa. Kutalika kwa kachidutswa kumbali yakunja amakupeza pochulukitsa kukula kwa mkombero (kuyeza modutsa pakati) ndi 0.268. Mkombero wa mamilimita 200 ufuna tizidutswa ta mamilimita 54.

Chifukwa chokhalira nthawi yaitali pa sowo chili m'masamu omwewa. Mkombero wa tizidutswa 12 uli ndi mbali zodulidwa 24. Sowo ikaphonya ndi kota ya digiri yokha, kuphonyako kumabwerezedwa ka 24, ndiye mkombero umatsala ndi mpata wa madigiri 6, woti n'kuonera dzuwa. Guluu satseka mpata wotere. Amauma momwemo ngati kamzere koyera, ndipo mbale imadzang'ambikira pomwepo. Pashopupa amaphunzitsa kudula kaye tizidutswa ta paini wotchipa, kutizunguliza popanda guluu, n'kukweza mkomberowo kuwala kuti aone mipata. Akaona kuti ikutseguka kunja kapena mkati, amasuntha chotsogolera cha sowo pang'ono n'kuyesanso. Amaphunzitsanso njira yopulumutsira mkombero wophonya pang'ono: matani tizidutswa 6 pakokha ndi 6 ena pakokha, zikauma palani nsonga za theka lililonse pa sandipepala womatidwa pa galasi lochindikala mpaka zigwirizane, ndiye mulumikize.

Zopanira zokwera mtengo palibe. Amamanga mikombero ndi malegeni, ndipo amagwira bwino kwambiri bola akulungidwe mofanana kuzungulira konse. Guluu ndi woyera wamba uja wa matabwa. Pa nsonga za tizidutswa amapaka kawiri, chifukwa nsonga ya thabwa imamwa guluu woyambayo n'kusiya polumikiza pouma. Ambiri amene amadziphunzira okha sadziwa zimenezi. Mkombero umakhala womangidwa kwa ola limodzi, koma sukwera pa lathe asanathe maola 24.

Kusanjika nakonso akuphunzitsa moyenera. Mkombero uliwonse umapalidwa pamwamba ndi pansi pa galasi lija, atayamba aujambula mizere ya pensulo. Mizere ikafufutika yonse ndiye kuti wasalala. Posanjika, polumikiza pa mkombero wapamwamba pazikhala pakati pa kachidutswa ka pansi, monga mmene mmisiri amayalira njerwa. Mphamvu ya mbale ili pamenepo, pakuti nsonga ziwiri zomatana pazokha sizilimba.

Za mitengo: pa mtundu wofiirira amagwiritsa ntchito mlombwa ndi mbawa, pa woyera malaina, ndipo pa kamzere kakuda amaikapo kachidutswa kopyapyala ka phingo kakapezeka. Zonsezi ndi zotsalira za opanga zitseko ndi mipando, zimene zikanathera pamoto. Ku Kasungu, kumene mitengo yachilengedwe yatha kwambiri ndi ntchito ya fodya ndi makala, chimenechi ndi chinthu chachikulu, ndipo tikuwayamikira kuti salimbikitsa wophunzira kukafuna mlombwa wodulidwa kumene. Paini amausiya pa zoyeserera zokha. Akulondola, chifukwa ukaphatikizidwa ndi mlombwa, paini amadyeka msanga ndi sandipepala ndipo mbale imatuluka ndi mabampu.

Tsopano zoperewera. Choyamba ndi kuuma kwa matabwa. Pashopupa amangoyeza ndi dzanja ndi kugogoda, palibe kachipangizo koyezera chinyezi. Pa ntchito imeneyi thabwa liyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 12 peresenti, ndipo mitundu yonse yolowa m'mbale imodzi iume mofanana. Mbale yomatidwa mu February ndi malaina wosauma bwino idzafika October itatseguka m'mizere, chifukwa malaina amachedwa kuuma ndipo adzafota pamene mlombwa unasiya kale. Ngati mukuphunzira nthawi ya dzinja, dulani timizere ta matabwa anu, mutisanjike m'nyumba motalikirana kwa milungu ingapo, muziyeza kamzere kamodzi komweko pa sikelo ya kukhitchini. Kulemera kukasiya kutsika ndiye kuti tauma.

Chachiwiri ndi pansi pa mbale. Amaphunzitsa kumata thabwa limodzi lathunthu pansi, ngakhale lalikulu. Thabwa lotere limafufuma ndi kufota m'mbali mwake, pomwe mkombero womatidwa pamwamba pake susuntha choncho, ndiye chimodzi chimang'ambika. Pansi pathunthu pasapitirire mamilimita 80 kapena 100. Pakakula kuposa apo, pafunika kulowetsa thabwalo mu kamsewu kosemedwa mkati mwa mkombero woyamba, lomatidwa pamalo awiri okha motsatira mitsempha ya thabwa, kuti lizitha kusuntha. Njira imeneyi siili m'maphunziro, ndipo ndi yofunika kuti aiwonjezere.

Pa lathe penipeni malangizo ndi abwino: kuyamba pang'onopang'ono, mbale ikuzungulira cha m'ma maulendo 500 pa mphindi, mpaka makona atatha, kenako kukwera kufika 800 kapena 1,000 pa mbale ya mamilimita 200. Amasema mkati mikombero iwiri kapena itatu ikangomatidwa, osadikira kuti mtsuko utalike mpaka dzanja lilephere kufika pansi. Khoma amalisiya pa mamilimita 5 kapena 6. Amanola tchizulo pafupipafupi, popeza mizere ya guluu imabunthitsa msanga. Vuto n'lakuti lathe ndi imodzi, ndipo magetsi akathima gulu lonse limangokhala. Funsani kuchuluka kwa ophunzira musanalembetse. Akapitirira anayi, nthawi yanu yosema idzachepa kwambiri.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo. Pali magalasi a maso okha. Mkombero wosamatika bwino ukamasuka pa liwiro limeneli, kachidutswa kamauluka kulunjika kumaso, ndipo magalasi sateteza mphuno ndi mano. Bwerani ndi chishango chanu chophimba nkhope yonse, ndi chotseka pamphuno, chifukwa fumbi la mlombwa ndi mbawa limayabwa ndi kutsokomoletsa. Malaya a manja aatali apindidwe.

Pomalizitsa amayenda bwino ndi sandipepala kuyambira wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, 180 mpaka wosalala wa 240. Chimene satchula ndi fumbi lofiira la mlombwa limene limalowa m'timabowo ta malaina n'kumudetsa. Pakani sanding sealer (mankhwala otseka timabowo ta thabwa) wopyapyala musanafike pa 180, ndipo muzipukuta fumbi musanasinthe pepala. Muuzenso wogula kuti mtsuko wotere suthiridwa madzi. Wofuna kuikamo maluwa aawisi alowetsemo botolo lagalasi, ndiye kukamwa kwa mtsuko kusemedwe molingana ndi botolo limene muli nalo kale.