Khadi la Mastercard la pa Airtel Money: ubwino wake ndi pamene lili pofooka

Airtel Africa ndi Mastercard anagwirizana mu 2019, ndipo m'mgwirizanowo munatuluka khadi lopanda pulasitiki, lokhala m'foni. Lili ndi zonse za khadi la ku banki: manambala 16, tsiku lothera ntchito, ndi CVV, manambala atatu aja. Ndalama limatenga m'waleti ya Airtel Money. Pa ATM silitulutsa kanthu. Ntchito yake ndi kulipira pa intaneti, kaya pa AliExpress, pa Google Play, kapena kulipirira malonda anu pa Facebook.

Kwa ife, ili ndi labwino kuposa kulemba manambala a khadi la akaunti imene mumalandirira malipiro kapena ndalama za fodya ndi nshawa. Wakuba akapeza manambala a khadi, amatenga zimene zili kuseri kwake. Waleti ikakhala ndi K400, zotayika sizipitirira K400. Koma ambiri amaphonya apa. Wamalonda wa ku Kapata kapena ku Down Shops ku Chipata amasunga mpamba wonse m'waleti yomweyo, ndiye chitetezo chija palibenso. Njira yabwino ndi kukhala ndi laini ina ya zogula pa intaneti zokha. Muikemo ndalama pa buthi tsiku logula, mtengo wa katundu kuwonjezapo 5 mpaka 10 peresenti, chifukwa sitolo zambiri zimatchaja madola ndipo reti yosinthira ndalama ya khadi simafanana ndi imene mwaona pa Google. Ndalama zikaperewera ngakhale K2, malipiro amakanidwa.

Za OTP tinenepo bwino. Namba ija yobwera pa SMS yotsimikizira malipiro ndi mbali ya njira yotchedwa 3-D Secure, imene Mastercard amati Identity Check, a Visa amati Visa Secure. Si sitolo iliyonse imaigwiritsa ntchito. Kwina manambala 16, tsiku ndi CVV n'zokwanira kuti ndalama zichoke, foni yanu osalira n'komwe. N'chifukwa chake kujambula skrini ya khadi n'kutumiza kwa mnzanu pa WhatsApp kuli ngati kusiya kiyi pachitseko. Kaloko kaja ka pamwamba pa tsamba, pafupi ndi https, kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizingawerengedwe m'njira. Masamba a akuba nawonso amakhala nako. Werengani dzina la tsamba chilembo ndi chilembo musanalembe namba iliyonse.

Pofooka kwenikweni ndi pa SIM. Khadi, waleti ndi OTP zonse zili pa laini imodzi. Munthu akakwanitsa kusinthitsa SIM yanu, akhoza kutenga zonse zitatu. Foni ikataya netiweki mwadzidzidzi pamene anzanu a laini yomweyo akuimba bwinobwino, musadikire mawa, pitani ku ofesi ya Airtel ndi chitupa chanu cha NRC. Woimba foni n'kumati ndi wa ku kampani, akufuna PIN kapena OTP kuti akonze akaunti, ndi wakuba, ngakhale atchule dzina lanu lonse. Namba yakeyo mukhoza kuineneza ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ku Zambia, pa *707#.

Masabusikiripishoni nawo amadya mwakachetechete. Mwayesa pulogalamu yaulere masiku 7, mwaiwala kuletsa, tsiku lachisanu ndi chitatu ndalama zapita. Letsani pa tsamba la pulogalamuyo, chifukwa kufufuta apu m'foni sikuletsa malipiro.

Katundu akapanda kufika, yambani kudandaula kwa wogulitsa kudzera pa tsamba lomwelo, nthawi yodandaulira isanathe. Sungani SMS ya malipiro, namba ya oda, tsiku ndi mtengo. Wogulitsa akakana, tengani zimenezi kwa amene anakupatsani khadi mukapemphe kuti atsegule dandaulo ku Mastercard. Ndalama zobwezedwa zimadutsa m'manja angapo, choncho zimatha masiku kapena milungu, ndipo chifukwa cha reti zikhoza kubwera zosiyana pang'ono ndi zimene munalipira.